Chithunzi cha kwa Jeremani

Foni inalira nditangolowa mu ofesi kuchokera ku khoti, jekete ndisanavule. Linali Lachitatu masana, mwezi wa Okutobala, chaka cha 1974, nthawi imene boma linali kalikiliki kusamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Malole odzaza matebulo, mipando ndi mafayilo ankadutsa m'tauni tsiku lililonse, fumbi lili koboo. Inenso ndinabwera ndi msamuko womwewo, koma pa polisi ya ku Area 3 anali atadziwa kale kuti Insipekitala Lawford Chikaonda sagonetsa mlandu.

"Kwabedwa kwa Jeremani, bwana," anatero wapolisi wa pa kauntala. "Koma akuti wakubayo amugwira kale. Akungofuna mukasayine."

Ndinatenga chipewa. Pa zaka zanga zonse za upolisi, milandu imene inandipatsa ntchito yeniyeni ndi imene ankandiitanira kuti ndikangosayina.

Dzina lake lenileni inali Hotela ya Rehberg, koma palibe amene ankavutitsa lilime lake ndi dzina limenelo. Aliyense ankangoti kwa Jeremani. Gustav Rehberg ndi mkazi wake Hedwig anafika ku Lilongwe mu 1924 kuchokera ku Tanganyika, kumene nkhondo yoyamba inawalanditsa munda. Anabwera ndi ngolo imodzi, chitofu chachitsulo ndi wophika wawo. Anayamba ndi zipinda zitatu zofolera udzu, zogonamo azungu ogula fodya. Fodya atayenda bwino, iwonso zinawayendera. Pofika 1937 panali pataima nyumba yosanja ya njerwa zootcha, zipinda makumi atatu, khonde lalitali loyang'ana kumtsinje ndi masitepe a mbawa. Nkhondo yachiwiri itabuka, Angelezi anamutenga Gustav kukamutsekera ku Rhodesia, ndipo anafera komweko. Dona Hedwig anayendetsa yekha hotelayo zaka makumi atatu ndi zisanu, mpaka anamwalira m'mwezi wa Malichi chaka chimenechi. Tsopano likulu likubwera, munthu aliyense wa ndalama ankati akamadutsa pamalopo, amachepetsa liwiro.

*

Manijala wa hotelayo, a Nebert Kenani, anandichingamira pa masitepe. Anali mu suti yotuwa ngakhale kunja kunali kotentha koopsa, tsitsi atagawa mzere pambali.

"Insipekitala, pepani pokuvutitsani. Ndi nkhani yaing'ono, very simple," anatero uku akundilowetsa m'kachipinda kochezera. "Lachisanu tili ndi phwando lopereka hotelayi kwa mwini wake, bwana Klaus Rehberg, mwana wa adona. Anachoka kuno ali ndi zaka zisanu ndi zinayi kukaphunzira ku Jeremani, ndipo abwerera sabata ziwiri zapitazo. Ndiye pamwamba pa masitepewo panali chithunzi cha banja lonse, cha tsiku limene anatsegulira nyumba yosanjayi. Lero m'mawa tinachitsitsa."

"Anachitsitsa ndani?"

"Ineyo, ndi makwerero, cha m'ma 11 koloko. Marcelina, woyang'anira zipinda, ndiye anakakamira kuti galasi lake litsukidwe, atolankhani adzawajambule bwana Klaus ataima pafupi ndi chithunzi cha ubwana wawo. Ndinachisiya patebulo apa. 2 koloko, palibe. Hafu pasiti 2, ndachipeza m'shedi mwa Redson, wa m'maluwa, pansi pa masaka."

"Mwachipeza msanga bwanji?"

Anamwetulira. "Experience, Insipekitala. Komanso muyenera kudziwa kuti Redsonyo ndi msuwani wa Marcelina. Ndipo Marcelinayo..." Anatsitsa mawu. "Ndi mwana wa bwana Gustav, wa kunja. Mayi ake anali wochapa zovala. Adona analemba mu wilo kuti Klaus akapanda kupezeka chaka chisanathe, hotela ipite kwa iyeyo. Ndiye Klaus wapezeka. Mukuona? Nsanje basi. Akufuna kusokoneza phwando. Phwando likangotha, onse awiri ntchito iwathera."

"Inuyo munali kuti pakati pa 11 ndi 2?"

Anaseka mokweza. "Ine? Chabwino, ndi ntchito yanu. Ndinanyamuka 12 koloko ndendende pa galimoto yanga ya Pijo, kuwoloka mlatho kupita kwa Amwenye kukaona nsalu za makatani. Sindinapeze zondisangalatsa. Ndinawolokanso 2 koloko."

Ndinalemba mawu amenewo momwe anawanenera. Kenaka anandipatsa chimene anachipeza. Inali felemu yolemera ya siliva, yaitali ngati mkono wanga, galasi lake losasweka koma lakuda ndi utsi wa zaka zambiri, kupatula pamalo amodzi pamene wina anapukuta ndi chikhatho. Kumbuyo kunali timasikuluwu tisanu ndi titatu. Tonse tinali titamasulidwa bwinobwino, popanda ngakhale kokanda.

"Nanga chithunzicho chili kuti?" ndinafunsa.

"Aa, pepala lakale lija? Wataya mwina. Chamtengo ndi silivayu."

"Ndi zoona," ndinatero. "Chamtengo ndi siliva. Ndiye tili ndi wakuba amene wakhala pansi, wamasula timasikuluwu tisanu ndi titatu mosamala ngati wokonza mawotchi, kenaka wasiya siliva natenga pepala."

A Kenani anasiya kumwetulira kwa kanthawi kochepa chabe. Koma ine ndinali ndikuwayang'ana.

*

A Redson ndinawapeza kuseri kwa khitchini atakhazikidwa pansi, manja atamangidwa ndi chingwe cha khonje. Anali bambo wa zaka makumi asanu, wa kwa Chadza. Ndinalamula kuti awamasule. Zala zawo zinali zonenepa, zong'aluka ndi khasu, zoti kasikuluwu kakang'ono sizingakatole n'komwe.

"Bwana, ine ndine wa mpingo," anayamba. "Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndili pano, olo supuni sindinatengepo. Kuchipinda chochezerako sindilowako ine, mapazi anga ndi amatope."

"Shedi yanu ili ndi loko?"

"Loko wa chiyani, bwana? Olo galu amalowamo."

"Masana munali kuti?"

"12 itakwana ndinakadya ndi alonda kugeti, pansi pa mthethe paja. Mukawafunse. 1 koloko ndinabwerera kuntchito, kuthirira kutsogolo. Basi. Kenaka ndingomva bwana akukuwa, wakuba, wakuba, gwirani ameneyo."

"Palibe chachilendo chimene munaona?"

Anayang'ana pansi, akuganiza. "Kuona sindinaone munthu, bwana. Koma motowo ndiwo wandidabwitsa."

"Moto wanji?"

"Wa ng'anjo yotenthetsa madzi osamba alendo. Ndimasonkha ndine, m'mawa ndi madzulo. Masana palibe amasamba, ndiye ndimausiya uzilala. Lero ndinausiya uli phulusa lokhalokha. Koma pamene ndimakatenga paipi cha m'ma 1 muja, ndinapeza ukuyaka, nkhuni zitatu zatsopano. Ndipo anasonkha wosadziwa, bwana, anangoponyamo mopingasa."

Ng'anjoyo inali kuseri kwa nyumba yochapira: mgolo waukulu pamwamba pa njerwa. Ndinatenga ndodo n'kuyamba kufukula phulusa pang'onopang'ono. M'ngodya, kumene malawi safika bwino, ndinakoka kachidutswa ka katoni kolimba, kotalika ngati chala, m'mphepete mopserera. Kumbuyo kwake kunali chidindo cha wojambula zithunzi. Ndinawerenga zimene zinatsala: "...sbury, 1937."

Ndinakakulunga mu hanki n'kuika m'thumba.

"A Redson, lero mugona kwathu ku polisi."

"Mayo ine! Bwana, ana anga..."

"Tamverani. Palibe akukhudzeni. Ndikufuna munthu wina m'nyumba muno akhulupirire kuti mlandu watha. Mawa 12 isanakwane mudzakhala mwatuluka. Ine sindilonjeza chimene sindingachite."

Anakwera landirova akulira mwakachetechete. Pawindo la ofesi, katani inagwedezeka.

*

Klaus Rehberg anali pakhonde la pamwamba, miyendo atasanjika pa mpando wina. Anali mzungu wamtali, wofiira ndi dzuwa, wa zaka pafupifupi makumi anayi ndi zisanu. Kudzanja lamanja anali ndi ndudu, kumanzere tambula ya mowa, ndipo mphete ya pa chala chake chaching'ono inkagogoda tambulayo akamalankhula. Tinalankhula m'Chingelezi. Chichewa anati anaiwala chonse.

Pasipoti anandipatsa ndisanamufunse. Dzina, chithunzi, malo obadwira, zonse zinali m'malo.

"Kuyambira 10 mpaka 3 ndinali ku City Centre ndi akuluakulu a kampani imene ikugula malo ano," anatero. "Anthu anayi, mayina ndikupatsani. Tikasayinirana Lolemba, nyumbayi igwetsedwa. Pabwera maofesi ndi mashopu. Likulu latsopano silifuna zinthu zakale ngati izi."

"Nanga antchito?"

Anakweza mapewa. "Ntchito ku Lilongwe zachuluka masiku ano."

"Simukumva chisoni? Ndi nyumba imene munabadwiramo."

"Ndikukumbukira zochepa. Mtsinje, mango, kutentha. Kenaka nkhondo inabwera, ndipo itatha ine ndi mayi sitinamvanenso. Ndinakakhala ku migodi ya kummwera. A Kenani ndi amene anandifufuza mpaka kundipeza, m'mwezi wa Julayi. Munthu wokhulupirika kwambiri."

"Chithunzicho munachionapo?"

"Patali. Chinali pamwamba kwambiri, galasi lakuda. N'zomvetsa chisoni, koma ndi chithunzi chabe."

"Antchito akale a bambo anu mwakumana nawo? Amene anakulerani?"

"Onse anafa. A Kenani anandiuza."

Ndinamuthokoza. Mayina anayi aja ndinawaimbira foni pa kauntala, ndipo onse anavomera. Munthuyu sanabe chithunzi. Komabe ndinatsika masitepe ndili ndi funso limodzi: munthu amene wabwerera kwawo patapita zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, n'kukhala sabata ziwiri pansi pa chithunzi cha bambo ake ndi mayi ake, osapempha ngakhale makwerero, ndi mwana wotani?

*

Mayi Marcelina anali m'chipinda chosungira nsalu, akupinda mabulangete. Anali mayi woyera khungu, wa maso otuwa, wovala duku lomangidwa molimba. Sanasiye ntchito nditalowa.

"Mwamutenga Redson," anatero. Silinali funso.

"Ndamutenga. Akuti inu ndi iye munapangana."

"Akuti. Chithunzicho ndinapempha ndine kuti chitsike. Ndikanafuna kuchiba ndikanalengeza?"

"Munachiyang'ana chitatsika?"

"Ayi. Ndinali ndi zipinda khumi ndi ziwiri za anthu a ku Zomba zoti zikonzedwe. Ndinati ndichitsuka ndikadya." Anapinda bulangete lina, n'kulisalaza ndi chikhatho. "Ndipo ndikuuzeni zoona, a Insipekitala. Ndakulira m'nyumba muno, ndadutsa pansi pa chithunzicho tsiku lililonse, koma sindinakwezepo maso. Amati mmenemo muli bambo anga, mkazi wawo, mwana wawo, wophika, mpaka galu. Ine mulibe. Ndichiyang'anirenji?"

"Wilo ija munaidziwa?"

"Ndinaimva tsiku limene loya anawerenga. Adona sananditchulepo mwana. Ankandiitana kuti Marcelina, bwera, Marcelina, pita. Koma atadwala ndinawasambitsa ndine mpaka tsiku lomaliza. Sindinapemphe kanthu. Ngati mchimwene wanga wabwera, nyumba ndi yake. Chondiwawa ndi anthu makumi asanu ndi awiri amene akudya pano. Iye sanafunseko dzina la ngakhale mmodzi."

"Mukumukumbukira?"

"Ndinali ndi zaka zitatu pamene ankachoka. Mayi anga, a Naphiri, ndi amene akanamudziwa, koma anatisiya kalekale."

"Ndiye palibe wotsala. Akuti antchito akale onse anafa."

Apa ndiye anasiya kupinda. "Anafa ndani? Che Hamdani ali moyo. Wophika uja anabwera nawo pangolo kuchokera ku Tanganyika. Maso okha ndiwo anafa. Ndinawauza a Kenani sabata yatha kuti tiwaitane ku phwando, iwo akuti munthu wakhungu achititsa manyazi pamaso pa alendo."

"A Kenani akudziwa kuti ali moyo?"

"Osadziwa bwanji? Mpunga wa Che Hamdani umachoka m'sitolo ya hotela mwezi uliwonse, mwa lamulo la adona. Amasayinira ndi a Kenani omwewo."

Ndinavala chipewa. "Amakhala kuti?"

"Patsidya, kuseri kwa mzikiti."

*

Ndinawoloka mlatho cha m'ma 5. Kutsidyako, m'mbali mwa msewu, panali lole yaikulu itapendekeka, makabati achitsulo atamangidwa pamwamba, amuna awiri atagona pansi pake ndi masipanala. Sindinailabadire.

Che Hamdani anali pakhonde la kanyumba kawo koyang'ana kumsewu, atavala mkanjo woyera, akuyendetsa mikanda yopempherera ya tasibihi m'zala. Anali nkhalamba yowonda, maso oyera ngati mkaka.

"Nsapato za boma," anatero ndisanalankhule. "Karibu, bwana. Khalani pa mpandopo, ine pamkeka ndazolowera."

Ndinadzitchula dzina n'kuwauza kumene ndachokera.

"Kwa bwana Gustav! Wallahi, nyumba imene ija ndinaisenza pamutu ine. Tinayenda miyezi iwiri kuchokera ku Iringa, ng'ombe ziwiri zinafera m'njira. Kuno tinapeza udzu, boma ndi masitolo anayi. Memsabu, dona Hedwig, ankalira usiku ndi usana. Bwana akuti, Hamdani, yatsa chitofu, anthu akamva fungo abwera. Ndipo anabweradi." Anaseka. "Pepani, ndikulongolola. Lero makutu anga apuma, ndiye pakamwa pachangamuka."

"Apuma bwanji?"

"Simunamve? Lole ya ku Zomba inathyoka pakati pa mlatho. Kuyambira swala ya masana isanakwane mpaka pafupi ndi ya Asiri, ya dzuwa litapendeka, olo galimoto imodzi sinadutse apa. Njinga zokha ndi apansi. Zaka ziwiri zino sindinamvepo bata lotero."

Ndinatsegula kabuku kanga, n'kuwerenganso mawu a a Kenani. Ndinakatseka.

"Che Hamdani, mwamva kuti Klaus wabwera?"

Mikanda ija inaima. "Kilausi? Mwana wanga Kilausi? Ali kuno?"

"Sabata ziwiri tsopano."

"Sabata ziwiri, osabwera kudzandiona?" Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Ayi. Mwana amene uja ankagona kukhitchini kwanga. Chiswahili ndi Chinyanja anayamba kulankhula Chijeremani asanachidziwe. Munditengere kwa iye, bwana. Maso ndilibe, koma ndikangomugwira dzanja ndimudziwa."

Ndinawauza za chithunzi chimene chinawotchedwa.

"Pole sana, pepani. Koma zinali ziwiri. Mzungu wa ku Salisbury anatsuka ziwiri. China memsabu anandipatsa tsiku limene ndinasiya ntchito, akuti Hamdani, iwenso ulimo. Sindichiona, koma ndimadziwa kuti ndilimo."

Analowa m'nyumba akupapasa khoma. Ndinamva sutikesi yachitsulo ikutsegulidwa. Anatuluka ndi chinthu chokulungidwa mu nsalu yoyera.

Ndinachitengera padzuwa. Gustav anali pampando, ndevu zili nyankhalala. Mkazi wake anaima kumbuyo. Kumanja kunali Hamdani ali mnyamata wamphamvu, atavala chipewa cha ophika. Ndipo pambali pa mpando panaima Klaus, dzanja lake lamanzere litatsamira pa bondo la bambo ake, poyera.

Ndinayang'ana dzanja limenelo kamodzi kokha. Ndinadziwa chimene a Kenani anaona ali pamakwerero.

*

Wapolisi wa pamsewu anatsimikiza: mlatho unatsekeka hafu pasiti 11, unatsegulidwa kota tu 3. Masiku amenewo panalibe mlatho wina wa magalimoto pakati pa hotela ndi masitolo a Amwenye.

Lachinayi, 9 koloko m'mawa, ndinaitanitsa onse m'chipinda chodyera. A Kenani anabwera ndi cholembera m'manja, akuganiza kuti ndabweretsa mapepala otsekera mlandu. Klaus anatsika akuyasamula. Mayi Marcelina anaima pafupi ndi khomo. Kenaka apolisi anga awiri analowa atagwira Che Hamdani mkono.

"What is this?" anatero a Kenani. "Insipekitala, ano ndi malo a alendo."

"Ndi mlendo wanga," ndinayankha. Ndinatembenukira kwa mzungu uja. "Bwana Rehberg, ndakubweretserani uthenga wabwino. Si onse anafa. Awa ndi amene anakulerani. Apatseni moni."

Anayang'ana a Kenani, kenaka anamwetulira mokakamiza n'kutambasula dzanja lamanja. Che Hamdani analigwira, n'kulisiya. Anapapasa m'mwamba mpaka anapeza lamanzere. Analigwira ndi manja onse awiri, n'kuyamba kudutsa chala chimodzichimodzi, kuyambira chachikulu. Atafika pa mphete ija anaima.

"Zisanu," anatero motsitsa. Kenaka anakweza mawu. "Mashallah! Ku Jeremani kuli madokotala. Zala zimamera!"

Mzungu uja anayesa kukoka dzanja, koma Che Hamdani analigwiritsa.

"Chaka cha 1936," anapitiriza, dzanja lija asanalisiye, "tinkapanga masoseji a Khirisimasi. Memsabu anapita kukalandira mlendo, ine ndinatembenuka kutenga mchere. Mwana anapisa dzanja m'makina opera nyama. Ziwiri zinapita, chaching'ono ndi chinzake. Ndinamubereka ndekha kuthamangira kuchipatala, magazi ali chuu pamkanjo wanga. Zalazo ndinakazikwirira kuseri kwa khitchini. Memsabu anatilumbiritsa kuti nkhaniyi isadzatchulidwenso m'nyumba muno, chifukwa ankati kulakwa kunali kwawo. Uyu si Kilausi."

"Nonsense!" A Kenani anamenya tebulo. "Khoti liti lingamvere nkhalamba yakhungu, kusiya pasipoti?"

"Khoti lili ndi maso," ndinatero. Ndinamasula nsalu yoyera ija n'kuika chithunzi patebulo. Pambali pake ndinaika kachidutswa kopserera, chidindo chili m'mwamba. "Zinali ziwiri, a Kenani. Werengani zala za mwanayo. Dzulo munaziwerenga kale, pamene munapukuta galasi ndi chikhatho muli pamakwerero. Munadziwa kuti likatsukidwa, atolankhani adzajambula munthu wa zala khumi pafupi ndi mwana wa zala zisanu ndi zitatu. Munadikira kuti antchito apite kukadya, munamasula felemu mu ofesi mwanu, munakawotcha chithunzi, siliva n'kukamuponya m'shedi mwa munthu wosalakwa."

"Ndakuuzani kale, ine kunalibe! Ndinali patsidya!"

"Pa Pijo yanu. Kupita 12, kubwerera 2. Ndinalemba." Ndinatsegula kabuku. "Dzulo mlatho unatsekedwa ndi lole kuyambira hafu pasiti 11 mpaka kota tu 3. Tauni yonse inadziwa, kupatula amene anali wotanganidwa ndi kusonkha moto. Tandiuzani, Pijo yanu inawoloka bwanji? Inasambira?"

A Kenani anagwetsa cholembera chija. Anakhala pampando.

Mzungu uja sanadikire kuti ndimufunse. Anakoka dzanja lake, n'kuyamba kulankhula mofulumira. Anati iye anali mnzake wa Klaus ku mgodi wa ku Tsumeb, kummwera kuja, ankagona chipinda chimodzi. Klaus anamwalira ndi chifuwa mu 1971, sutikesi ya mapepala ake n'kutsala kwa iye. A Kenani atafika kumeneko n'kupeza manda, ndi iwo amene anabweretsa nzeru yonse: pasipoti yatsopano, nkhani zoti aziloweza, ndi kugawana hotela ikagulitsidwa.

"Za zalazo ndinkazidziwa," anatero akuyang'ana a Kenani mokwiya. "Koma Klaus ankauza aliyense kuti zinaduka ku nkhondo. Ndinkaganiza kuti kuno palibe amene akudziwa."

Apolisi anga anatulutsa unyolo. Asanawatulutse, Mayi Marcelina anachoka pakhomo paja, n'kudzaima kutsogolo kwa mzunguyo. Analankhula m'Chingelezi chomveka bwino.

"Munakhala naye zaka zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi."

"Anatchulapo kuti ali ndi mlongo?"

Munthu uja anazengereza. Ndikuganiza kuti anafuna kunama, koma bodza linali litamuthera. "Ayi, mayi. Sanatchulepo. Akaledzera ankangokamba za wophika wina amene ankamubereka kumsana. Ankaimba kanyimbo kake, ife osamva mawu."

Nditawamasulira, Che Hamdani anaphimba nkhope ndi manja. Mapewa awo ankagwedezeka.

Mayi Marcelina anagwedeza mutu kamodzi. "Chabwino. Ndimafuna kudziwa basi." Anawagwira Che Hamdani paphewa, n'kuwakhazika pa mpando wabwino wa pafupi ndi windo. Anaitana woperekera zakudya kuti abweretse tiyi wamkaka ndi buledi. Kenaka anatembenukira kwa a Kenani, amene anali kale mu unyolo, n'kutambasula chikhatho.

"Makiyi."

A Kenani anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana kudenga. Wapolisi anapisa m'thumba la suti yotuwa ija, n'kutulutsa mulu wa makiyi: a ofesi, a sitolo, a bala, a khomo lalikulu. Mayiyo anawalandira, n'kuwamangirira pa lamba wa epuloni yawo.

"Loya afunika kumuimbira, mayi," ndinatero. "Ndi a kampani aja. Ndipo phwando la mawa simunaganize kuti litani."

"Loya adikire. A kampani auzeni kuti pano sipagulitsidwa. Phwando lichitika, nyama tagula kale." Anakonza duku lawo, n'kuloza landirova panja. "Koma choyamba tiyeni ku polisi, a Insipekitala. Muli ndi wantchito wanga kumeneko."